Mfuti Yotchipa M'maso mwa Wolondola Magazi

Ntchito yanga imayamba mfuti ikalira. Ndimagwira pa famu ina yoweta nyama zakutchire m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, kumene Amalawi tiliko ambiri ndithu, ena m'minda ya malalanje, ena m'makhitchini, ena ngati ine m'tchire. Mlenje akawombera nyama n'kugwa pomwepo, ine ndimangosolola mpeni n'kuyamba kusenda. Ikapanda kugwa, ndimawerama n'kuyamba kuwerenga pansi: phazi ili laponda bwanji, dontho ili ndi la magazi ochokera pati, yalowera kuti. N'chifukwa chake mkangano wa mfuti zotchipa ndi zodula, umene alenje amaukonda madzulo akamaotha moto, kwa ine si macheza. Zinthu zikalakwika, yogona m'thengo ndi chipolopolo m'mimba ndi nyama, ndipo woitsata m'minga kukacha ndine.

Ndilibe mfuti yangayanga. Lamulo la kuno, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limafuna kuti munthu akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, aphunzire kagwiridwe ka mfuti ndi kukhoza mayeso, kenaka apemphe kupolisi laisensi ya mfuti iliyonse payokhapayokha. Koma mfuti za eni ake zadutsa pamaso panga zambirimbiri. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera alenje a konkuno amene amasaka kuti apeze ndiwo za pakhomo ndi biltong, nyama ija yothira mchere n'kuumika. Ambiri mwa iwo si anthu olemera. Ndi aphunzitsi, amakaniko, anthu a m'migodi, amene asunga ndalama chaka chonse kuti aphe nswala ziwiri ndi njiri imodzi. Mfuti zawo ndi zimene zandichititsa kulemba.

Pafupifupi zonse ndi za mtundu wa bolt-action. Kumbuyo kwa mpope kuli chitsulo chobulungira chotchedwa bolt, chokhala ndi kamkono, chimene chimagwira ntchito ngati mpiringidzo wa chitseko. Ukakweza kamkono n'kukokera kumbuyo, khoko la chipolopolo chowomberedwa limadumphira kunja. Ukakankhira kutsogolo chipolopolo china chimalowa. Ukatsitsa kamkono mano a chitsulo amaluma m'malo mwake, kumbuyo kwatsekeka. Nzeru imeneyi inakhwima kalekale. Mfuti ya Mauser ya mu 1898, yopangidwa ku Oberndorf ku Germany, inali itathetsa kale mavuto akuluakulu onse, moti zambiri zimene opanga mfuti akhala akuchita chiyambire nthawi imeneyo n'kufunafuna njira yopangira chinthu chomwecho ndi manja ochepa, nthawi yochepa ndi chitsulo chochepa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mfuti ikatsika mtengo, choyamba kutayika ndi kulunjika kwake. Maso anga aona zina. Kulunjikako n'kumene kunatchipa. Kale pankafunika mmisiri wa tupa m'manja kuti mpope ndi bolt zigwirizane, ndipo malipiro a mmisiriyo ankalowa m'thumba la wogula. Mu 1958 kampani ya Savage ya ku America inatulutsa Model 110, yogulitsidwa pa madola pafupifupi 110. Pa mfuti imeneyo mpope amaulowetsa mopotoza mpaka utafika pa muyeso, n'kuumanga ndi nati yaikulu yoonekera kunja. Okonda kukongola amainyoza natiyo mpaka lero, koma inachotsa ntchito yambiri ya manja, ndipo mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo umatuluka wolondola pa mfuti iliyonse. Onjezanipo makina oyendetsedwa ndi kompyuta, amene amadula chitsulo mofanana usana ndi usiku osatopa. Ndiye kuyambira cha m'ma 2010 makampani anayamba kulimbirana munthu wa ndalama zochepa: kunabwera Savage Axis, Ruger American mu 2012, Remington 783 mu 2013, Mossberg Patriot ndi Winchester XPR mu 2015. Zonsezi n'zosakongola, zakuda bii, koma mipope yake ndi yowongoka.

Izi sindikuzimvera kwa anthu. Mlenje aliyense akafika pa famu, asanalowe m'tchire, amayamba wawombera pepala pa mtunda wa mamita 100, ndipo wopita kukaona mabowo ndine. Mfuti imene alenje amaitama ndi imene imaika zipolopolo zitatu m'kadera ka masentimita 3. Ndaonapo mfuti zotchipa zikuchita zimenezo, mabowo awiri atagundana, lachitatu lili pambali pomwepo, mwini wake akumwetulira mwamanyazi pakati pa anzake a mfuti zonyezimira. Tsono mtima ndi mapapo a nswala zimatenga malo a masentimita pafupifupi 15, za ngoma n'zokulirapo, ndipo m'tchire lathu la tsanya ndi minga nthawi zambiri nyama imaoneka isanapitirire mamita 150. Mfuti yoika zipolopolo m'masentimita 5 ili kale ndi zokwanira pa ntchito imeneyi. Kumwera ku Karoo, kumene kuli pululu ndipo nyama yotchedwa springbok amaiwombera patali, nkhani imasintha pang'ono, koma ngakhale kumeneko chosokoneza chachikulu ndi mphepo, osati mtengo wa mfuti.

Komabe ndalama zimene wogula sanalipire zinachotsedwa penapake, ndipo ndi bwino kudziwa malo ake.

Malo oyamba ndi thunthu la mfuti, mbali imene imatsamira paphewa ndi kugwiridwa ndi dzanja. Pa mfuti zotchipa ndi la pulasitiki yothira m'chikombole, lamphako mkati. Pulasitiki payokha si choipa: siifufuma ndi mvula monga amachitira matabwa, ndipo ikakalika ndi minga palibe amadandaula. Vuto ndi kufewa. Mpope umalunjika bwino ukakhala wosakhudzana ndi thunthu, kuti ukamanjenjemera pakuwombera uzinjenjemera mofanana nthawi zonse. Alenje amayesa zimenezi polowetsa ndalama ya pepala pansi pa mpope n'kuikoka. Ikadutsa osakodwa amati zili bwino. Koma tengani mfuti yomweyo, finyani kutsogolo kwake ndi zala ziwiri: pa zina pulasitiki imapindika n'kukhudza chitsulo. M'tchire mlenje amaika mfuti pa ndodo zowomberapo, mtima ukugunda, n'kuitsamira ndi thupi lonse, dzuwa la masana litafewetsa kale pulasitikiyo. Chipolopolo chimapita kumene sichinapite m'mawa pa pepala. Mankhwala ake ndi otchipa: kupala mkati mwa thunthu kuti mpata ukule, kapena kuthiramo guluu wa epoxy kuti liume gwa. Koma wogula mfuti yoyamba sadziwa kuti pali chofunika kukonza, ndipo wogulitsa samuuza.

Thunthu lamphakolo lili ndi mlandu wina umene umandikhudza kwambiri. Limapeputsa mfuti. M'sitolo kupepuka kumakoma, munthu amaiyeza m'manja n'kuganiza za mtunda umene adzayende nayo. Koma mfuti yopepuka imagunda phewa mwamphamvu, makamaka ikakhala ya chipolopolo chachikulu monga .30-06 kapena .300 Winchester Magnum. Munthu akagundidwa kangapo thupi lake limaphunzira mantha iye osadziwa. Ine ndimaima pambali, ndipo ndimaona: chala chisanamalize kukoka, maso atsinzina kale, phewa lakankhira kutsogolo, mlomo wa mfuti wagwa. Akaphonya amati mfuti ndi yachabechabe. Akanagula mfuti yomweyo ya .308 kapena 7x57, zimene zimapha ngoma bwinobwino popanda kumuvulaza mwini wake, bwenzi akuitama.

Magazini, mosungira zipolopolo, ndi malo ena. Ambiri pa mfuti zotchipa ndi ochotseka, apulasitiki, ogwidwa ndi kadzino kakang'ono. Ndinatolapo magazini m'njira imene tinadutsa, mwini wake ali kutsogolo akuyenda ndi chipolopolo chimodzi chokha osadziwa. Enanso amafuna kuti uwakankhe mpaka amveke kuti alumadi, apo ayi bolt imangodutsa pamwamba pa chipolopolo osachitenga, n'kutseka chopanda kanthu. Pa kuwombera koyamba zimenezi sizioneka, chifukwa munthu amakhala atakonzeka modekha. Zimaoneka pa kwachiwiri, nyama itavulala ikuthawa, pamene dzanja likufunika kuyendetsa bolt mwachangu maso osachoka pa nyamayo. Bolt yokhakhala, yogwedera ikafika kumbuyo, imakakamira nthawi yomweyo. Zambiri zimasalala zikagwira ntchito, ndipo mlenje amene wakhala pakhonde madzulo ambiri akuyendetsa bolt ya mfuti yopanda chipolopolo sakumana ndi vutoli kawirikawiri. Za dzimbiri sindichulukitsa: utoto wakuda wa mfuti zotchipa ndi wopyapyala, thukuta la dzanja ndi mame a m'mawa zimaudya msanga, ndipo kansalu ka mafuta madzulo aliwonse kamathetsa nkhaniyo.

Chimene ndimadana nacho ndi mtima wonse si mfuti ayi, koma sikopu, ija yoyang'aniramo polunjikitsa, imene amaigulitsira limodzi ndi mfutiyo m'bokosi limodzi. Wogula amaona ngati wapeza mwayi, mfuti ndi galasi lake zomangidwa kale. Koma pamenepo m'pamene wopanga amafinya ndalama kwambiri. Galasilo limachita mdima nthawi imene nyama zimayenda, mbandakucha ndi chisisira, ndipo timphete tomangira sikopuyo ndi tachitsulo chofewa, tomangidwa mothamanga.

Kunabwera bambo wina, munthu waulemu, ndi mfuti yatsopano yotereyi. Pa pepala inachita bwino. Kenaka tinazungulira pa pikapu m'misewu ya famu, imene ili ndi mabampu okhaokha, mfuti ikugwedezeka m'choikamo. Dzuwa litapendeka tinapeza tonde wa ngoma ataima chopingasa, pafupi, poyera. Bamboyo anatsamira bwino, sanatsinzine, anakoka mofatsa. Kulira kwa chipolopolo pofika kunali kwa bii, kosamveka fupa, ndipo ngomayo inapinda msana n'kulowa m'thengo mosathamanga kwenikweni. Pamalopo sindinapeze magazi ofiira a thovu amene amatuluka m'mapapo. Ndinapeza timadzi tobiriwira pa udzu, tosakanikirana ndi zinyenyeswa za masamba otafuna, ndi fungo la chifu. Aliyense wolondola nyama amadziwa tanthauzo lake. Nyama yolasidwa m'mimba siifa msanga. Ukaithamangira imadzuka n'kupita kutali, ukaisiya imagona ikuvutika. Tinatsata madontho akuda apa ndi apo, pena pamwala, pena patsamba lofika m'chiuno, mpaka mdima unatibweza. Tinaipeza kutacha, itagona pansi pa chitsamba, ikadali moyo, khosi litatambasuka pansi, ntchentche zili ng'waa pabala. Inatiyang'ana osayesa n'komwe kudzuka.

Titabwerera, mkulu wina wa kwathu amene anandiphunzitsa ntchitoyi anapempha kuona mfutiyo. Anagwira sikopu ndi zala ziwiri n'kuipotoza, ndipo inatembenuka. Anandiitana: "Achimwene, tabwerani muone. Mfutiyi ilibe mlandu. Masikuluwu awa sanamangidwe n'komwe." Bamboyo anakhala pansi osalankhula. Anali atachita zonse zimene anauzidwa. Anapatsidwa chinthu chooneka chokonzeka pamene sichinali chokonzeka, ndipo amene analipira ndi ngoma ija usiku wonse.

Alenje ena amakamba za mfuti zotchipa ngati mliri wa masiku ano, koma mu Africa muno mfuti ya munthu wamba ili ndi mbiri yaitali. Mu 1905 mmisiri wa mfuti wa ku Berlin, Otto Bock, anapanga chipolopolo cha 9.3x62 chokwana mu Mauser wamba, kuti alimi a ku Germany okhala m'maiko a mu Africa akhale ndi mfuti yamphamvu imene akanatha kugula, pamene olemera ankaitanitsa mfuti za mipope iwiri ku London. Kumadera amene ankalamulidwa ndi Britain mfuti ya aliyense inali Lee-Enfield ya .303, yomweyo imene asilikali a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, anainyamula pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Nkhondo zitatha mfutizi zinagulitsidwa motchipa, anthu n'kuzidula matabwa kuti zipepuke. Mpaka lero zimafika pa famu pano, zina za agogo a eni ake. Zambiri mipope yake inadyeka mkati chifukwa zipolopolo zakale zinkasiya mchere woyambitsa dzimbiri, umene unkachoka pokhapokha utathiramo madzi otentha. Pa pepala zimamwaza kuposa mfuti yotchipa ya lero. Koma bolt yake imayenda ngati yothira mafuta ngakhale ili ndi fumbi, ndipo palibe kanthu kapulasitiki koti kathyoke. Zimenezo n'zimene zimandipatsa maganizo: mfuti yakale yotchipa inali yolimba koma yolunjika pang'ono, ya lero ndi yolunjika kwambiri koma ili ndi tizigawo timene sitinapangidwe kuti tidzaone zidzukulu.

Kwathu ku Malawi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa ambiri, chifukwa nyama zikuluzikulu zinatsalira m'malo otetezedwa monga Liwonde, Majete, Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo lamulo la nyama zakutchire, litakhwimitsidwa mu 2017, limafika pa zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu. Ndi bwino kuti lili choncho. Mfuti yotchipa imene ambiri timaidziwa ndi gogodera, yosula pamanja, yothira wonga ndi zidutswa za chitsulo kukamwa. Imeneyo ndiyo yoyenera kunyozedwa. Imaphulikira mwini wake, ndipo nyama zambiri zimene imalasa zimakafera kutali patapita masiku, kapena zimayenda ndi chitsulo m'thupi zitasanduka zolusa. Munthu amene anaonapo ntchito ya gogodera sangatchule Ruger American kuti ndi zinyalala.

Komabe mfuti zotchipa za lero zili ndi malire ake, ndipo sindiwabisa. Mu 1964 kampani ya Winchester inasintha Model 70 yake yotchuka kuti itsitse ndalama zopangira. Inachotsa chikhadabo chachikulu cha mtundu wa Mauser, chimene chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini osachisiya mpaka khoko litataidwa, n'kuikapo njira yongokankha chipolopolo kutsogolo. Alenje anakwiya, mfuti zopangidwa chisanafike chaka chimenecho zinakwera mtengo, ndipo patapita zaka kampaniyo inabwezeretsa chikhadabo chija. Mfuti zotchipa za lero pafupifupi zonse n'zongokankha. Pa nswala, njiri, nyumbu ndi ngoma palibe vuto lililonse. Asilikali ndi alenje osawerengeka agwiritsa ntchito njira imeneyi bwinobwino. Koma pa njati yovulala m'thengo lowirira, pamene munthu angayendetse bolt akubwerera chambuyo kapena atagwa, ndimamvetsa chifukwa chake alenje a ntchito amakakamira Brno ndi CZ zawo zakale za .375 zokhala ndi chikhadabo. Ine ndimakhala kutsogolo kwawo, maso ali pansi, wopanda chida. Pamenepo sindifuna kuti wina ayeserepo mfuti ya magazini apulasitiki.

Nkhani ya trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka, imandikumbutsa kuti mtengo sutsimikizira chitetezo. Mu 2014 Remington inaitanitsa mfuti zambiri za Model 700 ndi Model Seven kuti zibwezedwe, chifukwa trigger yake ya X-Mark Pro inkatha kuwomba yokha nthawi zina, ndipo Model 700 si mfuti ya pansi. Mbali inayi, Savage ndi imene inabweretsa AccuTrigger kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yokhala ndi kalilime pakati kamene kamaletsa mfuti kulira ngati chala sichinakapanikize, ndipo makampani ena anatengera nzeruyo pa mfuti zawo zotchipa. Kale mfuti yotchipa inkadziwika ndi trigger youma, yofuna kukoka ndi mphamvu mpaka mfuti kugwedezeka. Lero zambiri zili bwino. Ngakhale zili choncho, munthu woyenda kumbuyo kwanga ndimamupempha mwaulemu kuti chipolopolo chisakhale mumpope kufikira titaiona nyama, kaya mfuti yake ndi ya ndalama zingati. Remington yomweyo inagwa pa ngongole mu 2018 ndiponso mu 2020, n'kugulitsidwa zidutswazidutswa. Wogula kuno kumwera kwa Africa, kutali ndi mafakitale, ayenera kufunsa funso limene wa ku America salilabadira kwenikweni: kachigawo aka kakathyoka, ndikapeza kuti, ndipo ndidzadikira miyezi ingati?

Achinyamata obwera ndi makolo awo nthawi zina amandifunsa kuti ndikanakhala ndi chilolezo ndikanagula iti. Ndimawayankha mosazungulira. Ndikanatenga Howa 1500 ya .308. Imapangidwa ku Japan ndi kampani imene inayamba ndi makina oluka nsalu, ndipo ndi yomweyo imene imapangira Weatherby mfuti za Vanguard. Kuno ndi yofala, amisiri a mfuti amaidziwa. Chitsulo chake chapakati ndi chosula, chokhala ndi dzino lolandira kugunda lopangidwira kumodzi, ndipo mtundu wake wamba uli ndi magazini a mkati, otsekula ndi kachitseko ka pansi, oti sangagwe m'njira. Ndi yolemerapo kuposa zinzake, ndipo kulemerako ndimakufuna, chifukwa kumameza kugunda. Tikka ya ku Finland ili ndi bolt yosalala kuposa zonse zimene ndagwirapo, ndipo mu 2016, potulutsa T3x, anasintha tizigawo tina timene alenje ankadandaula nato, koma mtengo wake wakwera kufika poti sindingaitchulenso yotchipa. Chipolopolo cha .308, chimene chinatuluka mu 1952, chimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, ngakhale m'matauni ang'onoang'ono a kuno.

Ndalama zotsala ndikanazigawa pawiri. Gawo lina likanapita ku sikopu yosavuta, yowala bwino chisisira, ndi timphete tachitsulo cholimba tomangidwa ndi mmisiri wodziwa muyeso wa sikuluwu iliyonse. Gawo lina likanathera pa zipolopolo zoyeserera, osati nditakhala pa benchi, koma nditaima pa ndodo, nditagwada, nditangokwera kaphiri ndikupuma wefuwefu, mpaka dzanja litazolowera kuyendetsa bolt lokha. Ndipo ngati wogulitsa akanandibweretsera bokosi lokhala ndi sikopu yomangidwa kale, ndikanamupempha kuti aimasule pomwepo, aisunge, andichotsere mtengo wake.